Kabuku Komwe Mwiniwake Sakadatha Kuwerenga

Azakhali anga atatisiya mu 2023, achibale pogawana katundu wawo adandipatsa kabuku kawo ka kuchipatala. Adati, "Inu ndinu ophunzira, kasungeni ndinu." Kabukuko nkakuda ndi thukuta ndi utsi, popeza kadayenda kokulungidwa m'chitenje kwa chaka ndi miyezi isanu, pa kabaza, pa matola ndi m'minibasi. Ndakawerenga kambirimbiri. Pa zonse zomwe madokotala ndi anamwino adalembamo, liwu la Chichewa ndi limodzi lokha, dzina la mudzi wathu. Matenda awo, mankhwala awo ndi masiku obwerera kuchipatala, zonse zidalembedwa m'Chingerezi chodulidwadulidwa chomwe ngakhale ine ndidachita kufunsa mnzanga wina wachipatala kuti andimasulire.

Ndikulemba kuti nditsutse chizolowezi chomwe tachilekerera kwa zaka zambiri: kupereka chithandizo cha khansa kwa munthu wakumudzi m'chinenero chomwe sachimva, kenaka nkumudzudzula kuti adabwera mochedwa, adathawa mankhwala kapena adathamangira kwa asing'anga. Mtunda ulipo, umphawi ulipo, mankhwala amasowa, ndipo zonsezi sindikuzikana. Koma chithandizo cha khansa chimatenga miyezi, mwinanso zaka, ndipo woyendetsa ulendo wonsewo ndi wodwalayo ndi womudikirira wake. Ngati awiriwa sakudziwa dzina la matenda, cholinga cha mankhwala ndi tsiku lobwerera, ndalama zomwe boma laononga pa iwo zalowa m'madzi.

Tiyambe ndi njira yomwe wodwala amayenda. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumidzi. Munthu wotere akadwala amayambira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake, kumeneko nkumutumiza kuchipatala cha paboma, ndipo kuchokera apo nkumutumizanso ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Akatswiri a khansa ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pakhomo lililonse wodwala amakumana ndi nkhope yachilendo, ndipo cholumikiza makomo onsewa ndi kabuku kaja. Dokotala wa lero amalembera dokotala wa mawa, wodwala nkusanduka mtengamakalata wonyamula uthenga wa moyo wake womwe iye yekha sakuudziwa.

Azakhali adayamba kutaya magazi patatha zaka zingapo atasiya kusamba. Kwa wachipatala aliyense chimenechi ndi chizindikiro chofunika kuyeza khomo la chiberekero msanga, makamaka m'dziko lathu lomwe lili m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi ambiri padziko lonse. Koma mayi wa zaka pafupifupi 60 sangatchule za kumaso pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, anthu ali pamzere kuseri kwa chitseko chosatsekeka bwino. Adangoti, "M'mimbamu simuli bwino, bambo." Adalandira panado ndi makapisozi, nkubwerera. Adapitanso kawiri, mayankho nkukhala omwewo. Mayi aliyense wa m'mudzi mwathu akadamva chomwe mawuwo amabisa, ndipo akadafunsa funso lachiwiri. Chichewa chili ndi njira zake zaulemu zokambira za m'thupi, ndipo wogwira ntchito yachipatala yemwe sadaphunzitsidwe kuzimva ali ngati mlenje wosadziwa mapazi a nyama. Miyezi inayi idapita motero.

Atayezedwa nkudulidwa kanyama kopita nako kukaunikidwa, zotsatira zidabwera patapita nthawi, ndipo m'kabuku mudalembedwa kuti "Ca Cx". Kwa iwo adangouzidwa kuti apezeka ndi chotupa. Pano ndilankhule monga mphunzitsi wa zinenero. Liwu loti chotupa ndi dengu lalikulu: muli chithupsa, muli mwanabere, muli kutupa kwa phazi lobayidwa ndi minga. Zotupa zomwe munthu wakumudzi amazidziwa zimaphulika kapena kuphwa zokha. Choncho azakhali atalandira diripi yoyamba, magazi nkuleka, adaganiza monga momwe munthu wanzeru aliyense akadaganizira: chotupa chaphwa, ndachira. Sindikuwaona kulakwa. Adachita mogwirizana ndi liwu lomwe adapatsidwa.

Pansi pa tsamba lomwelo padalembedwa "TCA 3/52". M'chilembedwe cha achipatala zimenezi zikutanthauza kuti wodwala abwerenso pakatha masabata atatu, popeza chaka chili ndi masabata 52. Namwino ayenera kuti adanenanso pakamwa, koma munthu wongochotsedwa kumene diripi ya mankhwala a khansa, mseru uli pakhosi, sasunga zonse zomwe wamva. Atafika kumudzi adapatsa kabukuko mdzukulu wawo wa Fomu 2. Mwanayo adayang'anitsitsa nkunena kuti zikuoneka ngati malikisi a mayeso, atatu pa 52. Adabwerera kuchipatala patatha masabata khumi, magazi atayambiranso. M'kabuku mudalembedwa liwu lachingerezi lomwe amatchulira wodwala wothawa mankhwala.

Owerenga adziwe chifukwa chake masikuwa ali ofunika chotere. Mankhwala a khansa a m'diripi amaperekedwa m'zigawo, kawirikawiri pakatha masabata atatu aliwonse, kuti thupi lipume koma khansayo isapeze mpata wophukanso. Asadapereke chigawo chilichonse amayamba ayeza magazi, ndipo akapezeka ochepa wodwala amabwezedwa. Azakhali adabwezedwapo kawiri atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya anthu awiri. Adauzidwa kuti magazi achepa, iwo nkumva kuti akadye bonongwe ndi chisoso mpaka adzadzimve mphamvu. Palibe adawauza kuti magaziwo akadatha kuyezetsa kuchipatala cha paboma asadakwere basi.

Pa nthawiyo m'Malawi mudalibe makina ochizira khansa ndi cheza champhamvu, ndipo ochepa amwayi ankatumizidwa kunja, monga ku India, komwe vuto la chinenero limakula kuposa pano. Zinthu zasintha: mu 2024 chipatala china chomwe si chaboma ku Blantyre chidayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 boma lidatsegulira chipatala chake cha khansa ku Lilongwe. Nkhaniyi njokondweretsa. Koma makinawa akulitsa kufunika kwa zomwe ndikunenazi. Wodwala khansa ya khomo la chiberekero amayenera kugonekedwa pa makinawo masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi asanu, ndipo kudumphitsa masiku kumachepetsa mwayi wochira. Tsono anthu ayamba kale kuchitchula chithandizochi kuti kuwotcha. Kodi mayi yemwe wauzidwa kuti akamuwotcha kumaso tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, popanda womufotokozera kuti palibe moto ndipo pa makinapo samva kutentha, adzafika tsiku lachitatu?

Ndikudziwa zomwe anzanga achipatala angayankhe, ndipo ndiziyankhe mwaulemu chifukwa ndaona momwe amagwirira ntchito. Choyamba adzati nthawi palibe: dokotala mmodzi, odwala mazana. Nzoona. Koma wodwala wosamvetsa amabwereranso matenda atakula, nkudya nthawi ndi mankhwala ochuluka kuposa mphindi zisanu zomwe zidasungidwa. Komanso sindikunena kuti dokotala yekha ndiye afotokoze. Mu 2004 malemu Gregory Kamwendo adatulutsa kafukufuku wake wa zinenero pachipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo adaonetsa kuti ntchito yomasulira inkagwiridwa ndi anthu omwe sadaiphunzire. Papita zaka zoposa 20. Lero lino womasulira akadali aliyense yemwe wapezeka pafupi: wokolopa, wodikirira wodwala wa bedi linalo, kapena mwana yemwe akukakamizika kumva zinsinsi za mayi wake.

Chachiwiri adzati Chichewa chilibe mawu a zinthu zimenezi. Bodza limeneli ndalimva kuyambira ndili mwana wasukulu. Chinenero chimapeza mawu pomwe eni ake akufuna kukamba kanthu. Edzi itativuta, mawu adapezeka: kachilombo, chitetezo cha m'thupi, mankhwala otalikitsa moyo. Boma litayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004, wodwala ankayamba waphunzitsidwa m'chinenero chake, pamodzi ndi womuthandiza, asadalandire botolo loyamba. Lero agogo omwe sadapondeko m'kalasi amafotokoza bwinobwino chifukwa chake sadumphitsa tsiku. Chidatheka pa Edzi chalephereka bwanji pa khansa? Kusiyana kwake nkwakuti pa Edzi padali ndalama ndi chifuniro.

Chachitatu adzati achibale eni ake ndiwo amapempha kuti wodwala asauzidwe, poopa kuti ataya mtima. Apa ndipo pali polemera, ndipo ine ndemwe ndili ndi mlandu. Nditamva za matendawa ndinkatumiza ndalama pafoni kuchokera m'tauni, ndipo pamene msuweni wanga adati tisawauze, ndidavomera. Ndidapita kukawaona kuchitando patatsala miyezi iwiri. Adanditulutsira kabukuko m'chitenje nati, "Mwanangu, iwe umaphunzitsa anthu mawu. Tandiuza, alembamo chiyani umu?" Nditawauza, adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ukadandiuza kale, mbuzi zija ndikadasiyira ana." Mwambo wathu umatiphunzitsa kunena zolemera pang'onopang'ono, pamaso pa oyenera, ndi mawu osankhidwa. Sudatiphunzitse kubisira munthu wamkulu za moyo wake pamene iye akugulitsa chuma chake mumdima. Akadadziwa kuti mankhwala omalizawo adali ochepetsa ululu chabe, akadasankha okha kolandirira chisamalirocho, ndipo ndikudziwa kuti akadasankha kufupi ndi kwawo.

Ena adzati dziko lino lili ndi zinenero zambiri, nanga tiyambira chiti? Tiyambire pa wodwala yemwe ali patsogolo pathu. Wa ku Rumphi amve m'Chitumbuka, wa ku Mangochi m'Chiyao, wa ku Nsanje m'Chisena. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chomwe wasankha. Ufuluwo ngwachabe ngati umathera pachipata cha chipatala. Ndipo chidindo cha chala pa chikalata chovomereza opaleshoni chomwe munthu sadachimve ndi inki chabe, chilolezo palibepo.

Zomwe ndikupempha nzotsika mtengo poyerekeza ndi makina. M'kabuku ka wodwala khansa aliyense mukhale tsamba limodzi lolembedwa m'chinenero chake, lonena dzina la matenda, cholinga cha chithandizo, kaya nkuchiza kaya nkuchepetsa ululu, tsiku lenileni lobwerera lolembedwa ndi dzina la mwezi, zomwe angamve m'thupi akalandira mankhwala, ndi nambala ya foni yoyimba zikavuta. Masamba enawo madokotala apitirize kulemberana m'Chingerezi chawo. Zipatala zazikulu zilembe ntchito omasulira ophunzitsidwa ndi olipidwa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera la wodwala adziwitsidwe tsiku lobwerera kuti akamukumbutse. Ophunzira udokotala ndi unamwino, omwe maphunziro awo onse ali m'Chingerezi, asalandire satifiketi asadaonetse kuti angathe kufotokozera agogo za khansa m'chinenero cha kuno, agogowo nkubwereza molondola zomwe amva.

Mtolo wotsala ngwathu, ife a zinenero. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 m'malo mwake mudalowa likulu loona za zinenero la pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, lomwe lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito imeneyi njotamandika. Koma ambirife tatha zaka tikukangana za kalembedwe ndi kulemba mapepala m'Chingerezi odandaula kuti zinenero zathu zikunyozedwa, pamene kuchitando amayi akufunsana tanthauzo la zomwe adokotala anena m'mawa. Mawu a khansa sadzapangidwa m'ofesi. Tikakhale pabenchi ya odwala, timve momwe iwo akutchulira zinthu, tikhale pansi ndi anamwino, tisankhe mawu osaopseza komanso osanama, kenaka tikawayese kumudzi tione ngati akumveka.

Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu timakonda kuuponyera odwala. Azakhali adafunsa. Adafunsa mdzukulu wawo, adafunsa anzawo a kuchitando, ndipo pomaliza adafunsa ine, nthawi itatha kale. M'mawa uno amayi ena akwera matola ndi timabuku tawo m'zitenje, kupita kumzinda komwe makina atsopano akuwadikira. Asadabwerere kwawo, wina awauze m'chinenero chawo chomwe chalembedwamo, ndi tsiku loti adzabwerenso.