Mayeso a zamalamulo akhale ovuta, koma mwana wa ku Kawale aonetsedwe njira

Ndiyambe ndi kuulula, chifukwa mkonzi amene amalemba nkhani yomwe iye mwini ali nayo mbali koma osanena amafanana ndi mboni yonama. Ine amene ndikulemba ndemanga ino ndikukonzekera mayeso olowera sukulu ya zamalamulo ku Zomba. Ndikaweruka kuntchito ndimakwera minibasi ya ku Biwi, ndikadya nsima n'kutsegula buku la malamulo oyendetsera dziko lino mpaka tulo tindigonjetse kapena magetsi azime. Ndili ndi zaka 28. Sukulu yaukachenjede ndinaisiyira m'chaka chachiwiri chifukwa cha fizi, ndipo dzina lake sinditchula poti si iyo ndikuizenga mlandu lero. Choncho, a Malawi anzanga, mukamawerenga dziwani kuti woimba ng'omayi akuvina nawo gule yemweyo.

Ambiri m'makwalala athu muno sadziwa n'komwe m'mene munthu amalowera maphunziro amenewa, ndipo vuto langa layambira pomwepo. Kwa zaka zambiri mwambo wa ku University of Malawi, yomwe tinkaitcha Chancellor College isanaime payokha mu 2021, wakhala wakuti munthu sachoka Folomu 4 n'kulunjika ku zamalamulo. Amayamba waphunzira maphunziro ena a pasukulu yaukachenjede n'kukhoza bwino, kapena akhale ndi digiri kale. Kenaka amalemba kalata yofunsira malo, n'kutumiza zikalata zosonyeza magiredi ake, ndipo akamuyenereza amakalemba mayeso olowera. Akapambana pamenepo m'pamene zaka zinayi za digiri ya zamalamulo zimayamba. Masiku ano Catholic University ya ku Nguludi nayonso ikuphunzitsa zamalamulo, ndipo lamulo la 2018 linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, sukulu yosula anthu amene ali kale ndi digiri kuti adziwe ntchito yeniyeni ya uloya. Ulendo wake ndi wautali chonchi.

Amene analembapo mayeso olowerawa amanena chinthu chimodzi: sakufunsa kuti ulakatule malamulo pamtima ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Akufuna kuona ngati ungawerenge nkhani yayitali ya m'Chingerezi, kutolamo mfundo, kusiyanitsa chimene chanenedwa ndi chimene iwe ukungoganizira, ndi kulemba maganizo ako mwadongosolo nthawi isanakuthere. Kumaiko ena kulinso zotere. Ku America munthu amayamba watenga digiri, kenaka n'kulemba mayeso otchedwa LSAT, amene malikisi ake amayambira pa 120 kulekeza pa 180, ndipo kuli makampani ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kudya ndalama za anthu powakonzekeretsa mayeso amenewo basi.

Kuno kwathu kampani yotero ndi nyumba imene munthu wabadwiramo. Tisanamizane. Mwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43 amakula nyuzipepala ikufika pakhomo, Chingerezi chikulankhulidwa pa tebulo, ndipo akafuna kudziwa kuti mayeso amenewa amakhala otani amangoimbira lamya amalume ake amene ndi loya. Mwana wa ku Mgona kapena ku Chinsapo, ngakhale akhale wanzeru chotani, amamva za chidziwitso chofunsira malo tsiku lotsekera litadutsa, kapena amachimva kwa mnzake amene naye anachimva kwa wina. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Akati awerenge, m'nyumba muli anthu asanu ndi awiri ndi babu limodzi. Akati apite ku laibulale yaikulu ya ku City Centre, ndiye kuti wadya ndalama ya ndiwo pa minibasi. Onse awiri adzakhala m'chipinda chimodzi tsiku la mayeso, pepala lofanana, wotchi imodzi, ndipo tidzauzidwa kuti mpikisano unali wachilungamo. Inde unali wachilungamo kuyambira pamene belu linalira. Nanga zaka makumi awiri za m'mbuyomo?

Palinso msampha wina umene ine ndakodwamo ndekha. Kuti ndifunsire malo ndiyenera kusonyeza magiredi a zaka zimene ndinaphunzira. Chikalata chake chili m'kabati ya sukulu imene ndinachokako, ndipo anandiuza mosapsatira mawu kuti sichituluka ngongole ya fizi isanathe. Ndiye kuti umphawi umene unandichotsa m'kalasi ndi womwewo ukundiletsa kubwereramo. Ndikulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Sindili ndekha, pa gulu lathu la anthu asanu amene timawerengera limodzi, atatu nkhani yathu ndi yomweyi.

Mwina wina afunsa kuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife amene sitikufuna uloya? Abale anga, kodi taiwala kale kumene tachokera?

Inu akuluakulu amene munabwerera kumudzi kuno kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London pambuyo pa chikhululukiro cha 1993 mukudziwa bwino kuposa ine. Mu 1969 boma la chipani chimodzi linapatsa makhoti a mafumu mphamvu yozenga ngakhale milandu yoti munthu akapezeka wolakwa anyongedwe, ndipo m'makhoti amenewo loya sankaloledwa kuimira munthu. Taganizani kuti n'chifukwa chiyani boma lamphamvu chotero, lokhala ndi apolisi, apayoniya ndi ayufi, linkaopa munthu mmodzi wonyamula mabuku. A Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya, amene analandiridwa ku Lincoln's Inn ku London mu 1958 ndipo anadzakhala nduna yoyamba ya zachilungamo, anagwidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'dziko muno, pa 24 Disembala 1981. Anawazengera mlandu woukira boma m'khoti la mafumu ku Blantyre popanda wowaimira, ndipo mu Meyi 1983 anawalamula kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse mu 1984. A Orton anafera m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, miyezi isanu ndi itatu riferendamu ya pa 14 Juni 1993 isanachitike. A Vera anatuluka mu Januwale 1993. Ndende imeneyo ili m'tauni yomweyo imene tikulimbirana kukaphunzirako zamalamulo, ndipo ndimafuna aliyense wopita kukalembetsa azidzera kaye pa chipata chake.

Tinavotera nyali, matipate anabwera, ndipo mu 1994 tinalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Gawo 42 la malamulo amenewa ndi lokoma kuwerenga. Limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Limati aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati nthawiyo yathera pa tsiku loti makhoti sagwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene atsegule. Limati ali ndi ufulu wokambirana ndi loya, ndipo pamene chilungamo chikufuna kutero boma limulipirire loyayo. Koma pitani pa bwalo la majisitireti lililonse m'mawa wa Lolemba, mukaone anyamata otsika m'galimoto ya polisi atamangidwa awiriawiri, mukawerenge kuti ndi angati ali ndi wowaimira. Pitani ku Maula mukafunse za anthu a pa limandi. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, likuyesetsa, komanso alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende akuyesetsa, koma ntchito yawachulukira. Ufulu ulipo papepala. Chikusowa ndi munthu woti aunyamule kuchoka papepalapo kukafika nawo m'chitokosi.

Ndipo munthu wotero akapezeka zinthu zimasintha ndithu. Ndani wa ku Kawale kapena ku Area 23 amene sadziwa mawu akuti vakabu? Kwa zaka zambiri apolisi ankasesa anthu usiku pogwiritsa ntchito gawo 184 la malamulo a milandu, lamulo lomwe tinatengera kwa atsamunda. Mu Malichi 2015 anagwira bambo wina wogulitsa majumbo ku Blantyre, a Mayeso Gwanda, akupita ku malonda awo m'bandakucha. Bamboyu atapeza maloya, nkhani inakafika ku Khoti Lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime imene anamangidwa nayo ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chimodzimodzi mu 2007, pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo, khoti linathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa osamva kaye m'mene zinachitikira. Milandu imeneyi eni ake anali anthu wamba. Funso langa ndi lakuti: kodi ndi a Gwanda angati a ku Mgona amene analipira chindapusa mwakachetechete chifukwa panalibe wa kwawo wodziwa kuti pali chotsutsa? Loya wokulira m'nyumba ya mpanda wa njerwa akhoza kukhala ndi mtima wabwino, ndipo ambiri ali nawo, koma vakabu amaiwerenga m'buku. Ife tinaithawapo ndi miyendo.

Tsono pali anzanga ena amene amati njira yake ndi kufewetsa mayeso, kapena kusungira malo ana a m'makomboni ngakhale atalephera. Ine ndikukana, ngakhale kuti ndikanapindula nazo. Mayi amene mwana wawo ali m'chitokosi safuna loya wolowera pawindo. Akufuna munthu woti akaima pamaso pa woweruza mawu ake amveke. Tonse tinamvera pa wailesi mlandu wa chisankho cha 2019, mashopu ali chete, akabaza ataimika njinga, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 pamene oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti ndi chigamulo cha masamba pafupifupi 500. Tinamva tokha kusiyana kwa loya amene wawerenga ndi amene wangovala mkanjo. Mayeso akhale ovuta. Chimene ndikupempha n'chakuti amene anawoloka mtsinje abwerere adzatiuze pamene pali miyala.

Ndikulankhula ndi inu a bungwe la Malawi Law Society, makamaka inu amene munakulira ku Kawale, ku Biwi, ku Area 25 ndi ku Chinsapo koma lero mumangodutsako pa galimoto magalasi atakwezedwa. Loweruka limodzi pa mwezi silingakugwetseni. Matchalitchi ndi masukulu a pulayimale a m'dera la Mfumu Tsabango ali ndi zipinda zimene zimakhala zotseka Loweruka masana. Khalani ndi achinyamata khumi, muwapatse chigamulo chimodzi awerenge, muwafunse mafunso monga m'mene woweruza amakufunsirani inu, muwachongere zimene alemba ndi cholembera chofiira mosanyengerera. Muwauzenso nthawi imene chidziwitso chofunsira malo chimatuluka ndi zikalata zimene ayenera kusonkhanitsiratu. Ndikulankhulanso ndi inu achikulire amene munabwera ndi mabokosi a mabuku kuchokera kunja, mabuku amene lero akudyedwa ndi njenjete m'magalaja. Ena mwa inu munaphunzitsapo m'masukulu aukachenjede a eni ake pamene kwanu kuno simukanaponda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nawo akuluakulu a masukulu amene akusunga zikalata za ophunzira chifukwa cha ngongole, aganizepo bwino: munthu amene wabwerera kusukulu n'kudzapeza ntchito ndi amene angabweze ngongoleyo, osati amene mwamutsekera panja.

Kwa anzanga amene mukufuna kuyesa, ndikuuzani zimene ife tikuchita, ngakhale sitinapambane kuti tizidzitama. Tinayamba ndi mutu wachinayi wa malamulo oyendetsera dziko, wonena za ufulu wachibadwidwe, gawo limodzi pa sabata. Zigamulo za makhoti athu zimapezeka mwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII. Mmodzi akagula bandulo amatsitsa chigamulo n'kugawira ena. Aliyense amalemba tsamba limodzi lokha: chinachitika n'chiyani, funso limene khoti linayenera kuyankha ndi liti, linayankha bwanji, ndipo chifukwa chiyani. Kenaka timagawana mbali n'kutsutsana, ndipo lamulo lathu ndi lakuti uziimira mbali imene sukugwirizana nayo. Poyamba tinkakangana m'Chichewa n'kumalemba m'Chingerezi, koma tinaona kuti mfundo imene yamveka bwino pakamwa imafika papepala itathyoka miyendo, ndiye pano theka la nthawi timalankhula Chingerezi chokhachokha, kaya anthu odutsa aseke. Pomaliza timatchera wotchi ya pa foni n'kulemba kwa mphindi makumi anayi osadukiza. Ine amene ndimadya za kulemba ndinkayesa kuti mbali imeneyi indiphwekera. Mtsikana wina wa gulu lathu, amene amagulitsa kaunjika masana, anandiwerengera ziganizo zisanu ndi chimodzi m'nkhani yanga zimene zinali zokometsera chabe zopanda umboni. Utolankhani unandiphunzitsa kukopa owerenga. Apa akufuna kuti nditsimikize.

Loweruka likudzali tikumananso ku Biwi nthawi ya 2 koloko masana. Tafika pa gawo 44, limene limanena za nthawi imene boma lingachepetse ufulu wa munthu, ndipo mawu akuti kuchepetsako kukhale koyenera ndi kofunikira m'dziko la demokalase atizunguza mitu kwa masabata awiri tsopano. Awiri akuti akutanthauza chinthu chimodzi, atatu tikuti ndi miyeso iwiri yosiyana. Ngati pali loya amene wawerenga mpaka pano, asiye uthenga ku ofesi ya nyuzipepala ino, tidzamulozera nyumba yake. Mpando tili nawo umodzi wabwino, ndipo tidzamusungira.