Nambala imene imasankha mawu a kiyibodi

Pachingwe cha MIDI sipadutsa mawu a nyimbo. Pamadutsa malangizo okha: batani liti ladinidwa, mwamphamvu bwanji, lasiyidwa liti. Njirayi inakhazikitsidwa mu 1983 ndi makampani monga Sequential Circuits ya ku America ndi Roland ya ku Japan, kuti zida za makampani osiyana zizimvana. Limodzi mwa malangizowa ndi program change, uthenga wouza kiyibodi kuti ilire ngati piyano, limba, gitala kapena lipenga. Uthengawu ndi nambala chabe, kuyambira 0 mpaka 127, ndipo umapita pa tchanelo imodzi mwa matchanelo 16.

Poyamba kampani iliyonse inkapereka manambala mmene yafunira, moti nyimbo yokonzedwa pa kiyibodi ina inkamveka zachilendo pa inzake. General MIDI ya mu 1991 inaika mndandanda umodzi: 1 ndi piyano, 13 marimba, 20 limba la m'tchalitchi, 33 besi, 109 kalimba. Tchanelo 10 inasiyidwira ng'oma.

Cholakwika chofala kwambiri n'chachabechabe koma chimazunguza mutu. Mndandandawu umawerenga kuyambira 1 mpaka 128, pomwe mapulogalamu ena apakompyuta amayambira pa 0. Wolemba 109 m'pulogalamu yoyambira pa 0 samva kalimba, amamva bagpipe ya ku Scotland, yomwe ili pa 110. Mawu akatuluka oyandikana ndi amene amafunidwa, mankhwala ake ndi kuchotsera kapena kuwonjezera 1.

Makiyibodi ambiri a Yamaha PSR, amene makwaya ambiri amadalira, ali ndi mawu oposa 128, ndiye anagawidwa m'magulu otchedwa bank. Gulu limasankhidwa ndi mauthenga awiri, CC0 ndi CC32, ndipo awiriwa ayenera kutsogola, program change ibwere pambuyo. Akasemphana, kiyibodi imatenga nambalayo m'gulu lakale. Manambala atatu a liwu lililonse amalembedwa pamndandanda wa mawu m'buku la kiyibodiyo. Tsoka lake, kiyibodi yogula pa kaunjika kawirikawiri imabwera yopanda buku, ngakhale Yamaha imaika mabukuwa pa intaneti kwaulere. M'pulogalamu ya FL Studio manambalawa amalembedwa m'kabokosi ka MIDI Out. M'pulogalamu ya Cubase ali pambali pa tiraki. Zida zambiri zolira m'kati mwa kompyuta momwemo sizilabadira uthengawu, choncho n'kwanzeru kupatsa liwu lililonse tiraki yake.

Kumadera ngati Nsaru, Kabudula ndi Nambuma nkhaniyi imakula chifukwa cha magetsi. Kwaya ikamajambula ndi kiyibodi ya patchalitchi, magetsi a ESCOM n'kuthima kapena batire la sola n'kutha, kiyibodi ikayakanso imabwerera ku mawu ake oyambira, nthawi zambiri piyano. Ngati wojambula anasankha mawu ndi dzanja pa kiyibodipo osawalemba m'kompyuta, besi ndi malipenga omwe zimalira piyano. Zimateronso fayilo ikanyamulidwa pa fulashi kuchoka ku Namitete kupita ku situdiyo ya mumzinda wa Lilongwe, kumene kiyibodi yake ndi ya Roland kapena Korg: manambala a General MIDI amagwirizana, koma a magulu enawo ayi.

Malo oyenera uthenga wa program change ndi koyambirira kwenikweni kwa tiraki iliyonse, nyimbo isanayambe. Posintha mawu pakati pa nyimbo, monga kuchoka pa piyano kupita pa limba pofika pa kolasi, uthenga uikidwe pang'ono liwu latsopanolo lisanadinidwe, pakampata popumira, chifukwa makiyibodi ena amadula mawu akale mwadzidzidzi kapena kuchedwa kusintha. Wojambula wochenjera, mawu akamukhutiritsa, amajambuliratu tiraki iliyonse kukhala fayilo ya WAV kiyibodi yobwereka isanabwezedwe kwa eni ake.