Mafunde osadziwa malire

Aliyense amene anayendapo ulendo wochokera pa boma la Mchinji kupita ku Mwami, kumene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula chipata chimodzi cha maiko awiri mu December 2022, adziwa kuti foni ya m'thumba simvera za malire. Pakuti munthu asanadinditse n'komwe chiphaso chake, foniyo imakhala itagwira kale netiweki ya ku Zambia, monga ngati ku Chipata ndiko kwawo. Tsono ngati mafunde a m'mlengalenga salemekeza mzere umene azungu anadula pakati pa Fort Manning (Mchinji) ndi Fort Jameson (Chipata), adzalemekeza bwanji mpanda wanga waudzu?

Ndinazindikira zimenezi mochedwa, bando ya intaneti ya mwezi wathunthu itayamba kutha pa masabata awiri, ndipo anyamata ena, amene sindinawaonepo akukonda mthunzi chotere, atazolowera kukhala patsinde pa mango kuseri kwa mpanda kufikira mdima. Cholakwa chinali changa: rauta ndinaiika pazenera loyang'ana kumsewu, ndipo pasiwedi ndinapatsa mlendo mmodzi, amene mwa ufulu wa mtima wake anagawira mudzi wonse.

Bando si imene inandidetsa nkhawa kwambiri, ai. Koma kuti wolowa m'netiweki ya panyumba wayandikira kale kompyuta imene ndimasungamo makalata ndi mawerengero a ndalama, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Zoona, lamulo la 2016 loyang'anira zochitika pa intaneti limaletsa kulowa m'makina a mwini popanda chilolezo, koma ndani adzatengera mwana wa mnansi wake kupolisi chifukwa cha Facebook?

Chotero ndinachita monga anachitira makolo athu, amene sanamange nkhokwe m'mbali mwa njira. Rauta ndinaisamutsira pakati pa nyumba, kuti zipupa za njerwa zimwe mphamvu yake. Ndinalowa m'masetingi ndi kutsitsa mphamvu youlutsira kufikira itangokwanira zipinda ndi khonde. Ndinazimitsanso mafunde a 2.4 GHz, amene amapyoza makoma ndi kufika patali, ndi kusiya a 5 GHz, amene amatopa msanga. Komabe kufupikitsa mafunde si loko, popeza wokhala ndi mlongoti wamphamvu angathe kuwatola ali patali. N'chifukwa chake ndinaikanso pasiwedi yaitali pa WPA2.

Anyamata aja anabwera madzulo awiri, nakweza mafoni m'mwamba ngati ofuna kudalitsidwa, nachoka. Mmodzi anandipatsa moni mwaulemu wonse, nafunsa ngati intaneti yanga yawonongeka.