ZAPAKHOMO: Firiji Ikamalira Osapuma, Musathamangire Gasi

Ulendo uno tikambirane za firiji, pakuti mabanja ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota timadalira mafiriji akale ogula kwa anzathu posunga chambo, nyama ndi thobwa wogulitsa.

Mwezi wa Okutobala ndinakacheza kwa amalume ku Mandala, mumzinda wa Blantyre. Iwowa ali ndi firiji ya chitseko chimodzi yomwe anagula ine ndisanabadwe. Usiku wonse firijiyo inkangolira osapuma, ndipo azakhali anadandaula kuti mayunitsi a magetsi akutha ngati madzi a m'dengu. Anansi anali atagamula kale kuti gasi watha, amalume n'kusunga ndalama yothirira wina.

M'mawa kunabwera mmisiri wachikulire wochokera ku Limbe. Asanatsegule chikwama chake anafunsa kuti, "Mayi, kodi ikuziziritsa kapena ayi?" Azakhali anati, "Ikuziziritsa mopyola, bambo. Tomato ndi mazira zikuchita kuuma gwa." Mmisiriyo anaseka nati, "Ndiye gasi alimo, sungani ndalama yanu." Funso limeneli ndi limene ndikufuna mulisunge.

Kuti timvetse bwino, tione m'mene firiji imagwirira ntchito. Kumbuyo chakumunsi kuli chinthu chakuda chonga mphika chotchedwa kompuresa. Chimenechi chimapopa gasi m'timapaipi, gasiyo n'kumatenga kutentha kwa m'kati kukakutaya pa mapaipi akuda a kumbuyo. M'kati mukazizira mokwanira, cha pa madigiri 4, kachipangizo kotchedwa themositati kamadula magetsi kuti kompuresa ipume. Choncho ikamalira osaleka pali zifukwa ziwiri zokha: mwina kuzizira kwakwana koma woizimitsa wagona, kapena kuzizirako sikukukwana ndipo ikulimbana nako.

Ngati zinthu zikuuma mopitirira, kaikirani themositati. Tembenuzani kotembenuzira kaja ka manambala kufika pa 0. Kompuresa ikapitirizabe kulira, ndiye kuti tizitsulo ta m'kati mwa themositati tamatirirana. Ikazima pa 0 pokha, onani kapaipi kake kowonda ngati waya, komwe kamayenera kukhudza chipinda cha ayezi. Kakasuntha sikamvanso kuzizira. Kumbukiraninso kuti pa mafiriji ambiri nambala yaikulu ndiyo yozizira kwambiri, ndipo mwana akhoza kutembenuza osadziwa.

Ngati sikuziziritsa bwino, yambani ndi zosafuna ndalama. Choyamba ndi labala wa pachitseko. Panani pepala ndi chitseko, mulikoke. Likatuluka mosavuta, mpweya wotentha ukulowera pomwepo. Yesani mbali zonse zinayi. Labala wakuda mutsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo, wong'ambika musinthe. Dinaninso kabatani ka babu ndi chala kuti muone ngati akuzima, chifukwa babu wosazima chitseko chikatsekedwa amatenthetsa m'kati.

Chachiwiri ndi mapaipi a kumbuyo. Zulani pulagi, muchotse fumbi ndi ukonde wa kangaude ndi burashi yofewa. Firiji italikirane ndi khoma masentimita 10, ndipo isakhale pafupi ndi mbaula kapena pomwe pamafika dzuwa. Kwathu kunyanja, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ngakhale firiji yabwino imalira nthawi yaitali, makamaka tikamaitsegula pafupipafupi kapena kuikamo thobwa wotentha.

Chachitatu ndi ayezi. Akakandapala kupyola theka la sentimita amakhala ngati bulangete lotchinga kuzizira. Zimitsani firiji, muikemo poto wa madzi otentha kuti asungunuke yekha. Chonde musagobe ndi mpeni. Mafiriji ambiri afa ndi mpeni umene unaboola paipi ya gasi.

Zonsezi zikakhala bwino koma m'kati mukadali mofunda, apo ndiye itanani mmisiri. Zizindikiro za kuchepa kwa gasi ndi izi: ayezi kugwira pangodya imodzi yokha, mapaipi a kumbuyo kusafunda, ndi madontho a mafuta polumikizira mapaipi. Dziwani kuti gasi wa firiji satha ngati palafini mu nyale. Amangozungulira mommo zaka ndi zaka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Mmisiri wothira gasi asanapeze ndi kuwotcherera bowolo adzabweranso posachedwa kudzalandira ndalama ina. Nthawi zinanso kompuresa yeniyeniyo imakhala itatopa, ikulira koma osapopa mwamphamvu, ndipo mmisiri amadziwa izi poyeza ndi geji.

Pali chinanso chokhudza mafiriji akale. Ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1995 amayendera gasi wa R12. Maiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti athetse gasi wa mtundu umenewu chifukwa amaononga mpweya wa ozoni umene umatiteteza ku ukali wa dzuwa, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010. Mafiriji a pambuyo pake amayendera R134a kapena R600a, ndipo wachiwiriyu amayaka moto. Mtundu wa gasi umalembedwa pa kompuresa kapena pa kachitsulo kumbuyo. Musalole kusakaniza, chifukwa R134a sagwirizana ndi mafuta a m'kompuresa ya R12. Pamenepa banja likhale pansi liwerengere bwino, popeza kusintha kompuresa, mafuta ndi gasi kukhoza kuyandikira mtengo wa firiji ina yosadya magetsi ambiri.

Kwa amalume, mmisiri uja anatembenuza kufika pa 0 koma firiji sinasiye kulira. Anakagula themositati ina ku Limbe, naiika, ndipo lisanathe ola tinamva kuti "thi!", m'nyumba n'kukhala zii. Asanachoke anatichenjeza kuti magetsi akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, tizidikira mphindi 5 tisanayatse firiji, kuti kompuresa isapse. Ndalama ya gasi ija azakhali anagulira chambo, chomwe tinasunga m'firiji momwemo mpaka Lachisanu.

Tsalani bwino, tikumanenso m'kope likudzalo, Insha Allah.