Kuseka Chigawenga Si Kuyamikira Kupha

M'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, fodya akagulitsidwa ndalama zimayenda ndipo malo ochitira malonda monga Phwezi ndi Mhuju amachita phokoso mpaka usiku. Gawo lina la phokosolo limachokera m'tinyumba toonetseramo kanema. M'menemo mumamveka kulira kwa mfuti, kenaka phwete la achinyamata. Akuluakulu ambiri akamva zimenezi amagwira pakamwa nanena kuti mbadwo umene ukuseka munthu akuphedwa ndi mbadwo wotayika, choncho makanema a zigawenga aletsedwe. Nkhawa yawo njomveka, koma mankhwala amene akupereka ngolakwika.

Choyamba, nkofunika kufunsa kuti woonerayo akuseka yani. Chitsanzo chabwino ndi kanema wotchuka wa Pulp Fiction amene Quentin Tarantino adatulutsa m'chaka cha 1994, nalandira mphoto yaikulu ya Palme d'Or ku Cannes m'dziko la France. M'kanemayu muli amuna awiri, Vincent ndi Jules, amene ntchito yawo ndi kupha anthu potumidwa ndi bwana wa zigawenga. Amavala masuti akuda ndipo amayenda modzitukumula. Komabe popita kukapha amakambirana za zakudya ngati ana asukulu. Vincent aombera mnyamata wina mwangozi m'galimoto chifukwa chogwira mfuti mosasamala, ndipo awiriwo atha mmawa wonse akukolopa magazi, natsiriza atavala makabudula obwereka. Vincent yemweyo aphedwa akutuluka m'chimbudzi. Amene apulumuka ndi Jules, yemwe asankha kusiya ntchitoyo zipolopolo zitamuphonya. Woonera wanzeru saseka imfa ya mnyamata uja. Amaseka uchitsiru wa anthu amene amadziyesa mikango pamene ali nkhuku zonyowa.

Chachiwiri, kuseka kotereku si kwachilendo kuno. Agogo a m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru, monga agogo a kwina kulikonse m'Malawi, akhala akusimba nthano zoopsa ana ali kuseka pamoto. Fisi wadyera adafuna kutsata fungo la nyama m'njira ziwiri nthawi imodzi mpaka adang'ambika pakati. Kalulu adanamiza zilombo zazikulu nazitengera ku imfa. Palibe adanenapo kuti nthanozi zimaphunzitsa nkhanza, pakuti aliyense amadziwa kuti phwetelo ndilo limakhomerera phunziro mumtima. Choopsa chikasekedwa chimachepa mphamvu, ndipo wankhanza saopa chilichonse koposa kusekedwa.

Chachitatu, Malawi adayesapo kale njira yoletsa. M'chaka cha 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi makanema, ndipo bungwe la Censorship Board lidadula ndi kuletsa zambiri. Ngakhale wolemba ndakatulo Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kodi kupha kudatha? Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa m'boma la Mwanza, ndipo mtundu udauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 lidapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa ndi apolisi. Opha anzawo potumidwa adalipo m'dziko muno nthawi imene maso a anthu ankatetezedwa kwambiri ku makanema. Nkhanza zimakula bwino pamene anthu aletsedwa kuziona, kuzitchula ndi kuzinyoza.

Izi sizikutanthauza kuti m'tinyumba ta kanema zonse zili bwino. Mlandu ulipo, koma uli pena. Pulp Fiction sadapangidwire ana: ku Britain ngololedwa kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Koma mwini kanyumba amene maso ake ali pa ndalama yapakhomo salabadira msinkhu. Mwana wa Sitandade 3 amakhala pa benchi limodzi ndi bambo wandevu, nthawi zina sukulu ili mkati. Mwanayo samva chipongwe chobisika m'nkhaniyo. Iye amaona suti, mfuti ndi anthu akunjenjemera, natuluka akukhumbira. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo apa mpamene makolo, mafumu ndi aphunzitsi ayenera kuimapo nji.

Mlandu wina uli pa ena mwa omasulira makanema m'Chichewa. Luso lawo ndi lalikulu ndipo lathandiza anthu osamva Chingerezi. Koma womasulira akayamba kuchemerera wakupha ngati wosewera mpira amene wagoletsa chigoli, nanyodola amene akupempha chifundo, watembenuza nkhani yonse. Phwete limene limayenera kugwera chigawenga lagwera wophedwa. Kuseka kumeneko ndiko koopsa, chifukwa ndi komwe kumamveka pamene gulu la anthu lazinga woganiziridwa kuba kapena ufiti, miyala ili m'manja.

Motero wophunzira wa Folomu 3 kapena 4 amene wasangalala ndi kanema wa zigawenga alibe chifukwa chochitira manyazi. Ali ndi udindo umodzi, womwe mphunzitsi wa Chichewa amamupatsa powerenga nthano kapena sewero: kufunsa kuti wopusa m'nkhaniyi ndani, wavutika ndani, ndipo mlembi waima mbali iti. Akatha kuyankha mafunso amenewa, kanemayo wamunola nzeru. Akalephera, vuto si kanema koma kaonedwe kake, ndipo kutseka kanyumba ka ku Mhuju sikungamuchize, makamaka lero pamene kanema yemweyo akhoza kuonedwa pa foni ya m'manja. Chigwa cha Henga chikusowa oonera odziwa kusiyanitsa phwete lonyoza nkhanza ndi phwete lozikometsa, ndiponso akuluakulu olimba mtima kubweza ana aang'ono pakhomo.