Mkono wa Mwana M'chikhakha

Mwezi wa Novembala ukafika kuno ku Mfuwe, ana athu amaswera m'mitengo ya mango. Tsiku lina ndikuchokera kokaphunzitsa katekisimu kufupi ndi bwalo la ndege, ndinapeza mnyamata atagwa mumtengo, mkono utapindika pakati pa chigongono ndi dzanja. Agogo ake anali ataumanga kale ndi timitengo, luzi atakoka zolimba ndithu. Ndinawapempha mwaulemu kuti amasule.

Pamalo amenewa pali mafupa awiri. Mafupa a mwana ngosakhwima: kawirikawiri amathyoka ngati nthambi yaiwisi, mbali imodzi yokha, ndipo amalumikizana msanga. Kuchipatala, monga ku Kamoto kapena ku Chipata, amaunika fupalo, naliwongola, nkuika chikhakha kwa milungu 4 kufikira 6.

Chimene chimandiopsa ine koposa ndi kuthina. Mkono wothyoka umatupa, ndipo chomangira chikathina magazi sayenda. Mnofu umafa, mwina mpaka mkono kudulidwa. Ngakhale chikhakha cha adokotala chingathe kuthina masiku oyamba. Tsono inu amayi ndi abambo, yang'anani zala za mwanayo m'mawa ndi madzulo. Zikatupa kwambiri, zikazizira, zikachita dzanzi, kapena mwana akamalira pamene mukuziwongola, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pakhadi.

Pogona mkono ukhale pamtsamiro. Chikhakha chisanyowe, ndipo mukayabwa asatokosemo ndi kamtengo. Zochichotsa nokha ndi mpeni poona kuti mwana wayambanso kusewera, zimenezo ayi.