Kokapuma n'kwabwino, koma mankhwala asatsale

Ku Kerala m'dziko la India kuli malo opumulirako komwe achikulire ochokera kutali amakakhala sabata ziwiri kapena zitatu. Amadzuka mbandakucha n'kuchita masewera olimbitsa thupi a yoga, amatikitidwa minofu ndi mafuta ofunda, amadya zamasamba ndi kugona msanga, motsatira njira yochiritsira yamakolo yotchedwa Ayurveda. Kutakasuka kotereku n'kofunika: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Koma agogo, mukamapita kumalo otere, mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi asatsale m'kabati. Akakakuuzani kusala chakudya kumeneko, dziwani kuti n'koopsa kwa wodwala shuga. Kaonaneni ndi adokotala musananyamuke, ndipo mukabwerako muziyenda ndawala m'mawa uliwonse.